Funso Limene Aukhondo Anapita Nalo ku Yunivesite

Mwa akhristu amene tawaika m'manda chaka chino muli bambo aja tonse tinkangowatchula kuti Aukhondo. Ambiri tinkawadziwa ngati mkulu wa pa benchi lachitatu, kumbali ya zenera, amene ankamaliza “Amen” anzake atamaliza kale. Ndi ochepa amene ankadziwa kuti bambowa anali ndi digiri yachiwiri ya zaumoyo wa anthu, ndipo ndi ochepa kwambiri amene ankadziwa chimene chinawatuma kukaifuna.

Anabadwa wachinayi m'banja la ana asanu ndi awiri. Bambo awo anali kalipentala, mayi awo telala. Ali ndi zaka khumi, matenda otsekula m'mimba analowa m'dera lawo ndi kutenga alongo awo awiri sabata imodzi. Iwo anadwala nawo, koma anadzuka. Mayi awo ankakonda kuwauza kuti, “Mulungu sanakusiye chifukwa cha nkhope yakoyi ayi. Pali ntchito.” Kuchokera pamenepo sankajomba Misa, ndipo atamaliza sekondale anasankha maphunziro a zaumoyo.

Ntchito yawo inali yoyendera zitsime, zimbudzi, misika ndi malo ophera nyama. Ankayenda pa njinga yakapalasa, chikwama cha mankhwala othira m'madzi atachimangirira kumbuyo. Akangotulukira pa msika, ogulitsa nyama ankakuwizana kuti, “Aukhondo afika, bisani ntchentche!” Dzinalo linamera pomwepo. Wina akafuna kuwakulungira kachiwindi kuti asalembe zimene aona, ankaseka n'kunena kuti, “Ndikadya chiwindi chanucho, maso angawa achita khungu.” Digiri yoyamba anaipeza pang'onopang'ono, akugwira ntchito yomweyo.

Anakwatira mphunzitsi wa sukulu ya mkaka, mayi wanthabwala amene ankaimba kwaya, ndipo Mulungu anawapatsa ana aakazi awiri ndi wamwamuna mmodzi. Wamwamunayo anakula n'kukhala dalaivala wa lole, anakwatira, ndipo ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu anapezeka ndi chifuwa chachikulu. Aukhondo sanade nkhawa kwenikweni, poti matendawa ankawadziwa ngati chikhatho chawo. Anamuperekeza kuchipatala, anamufotokozera kuti mankhwalawo ndi a miyezi isanu ndi umodzi osadumphitsa, analemba ndondomeko yake papepala n'kuimata pakhoma. Akakumana naye, funso linali limodzi.

“Ukumwa mankhwala?”

“Ndikumwa, bambo.”

Patatha miyezi iwiri mnyamatayo anapezako bwino n'kubwerera pa msewu. Chifuwa chinadzabweranso chili cholusa, chosamva mankhwala, ndipo chaka chisanathe anamwalira. Maliro atatha, mkazi wa malemuyo, mpongozi wa Aukhondo, akukonza chikwama cha paulendo cha mwamuna wake, anapeza mapaketi a mapiritsi osatsegula ali thoo m'thumba lam'mbali. Anawabweretsa kwa apongozi ake.

Miyezi itatu Aukhondo ankabwera kutchalitchi, koma pemphero la Atate Athu likafika pa mawu akuti kufuna kwanu kuchitidwe, ankalephera kuwatchula. Tsiku lina anatsalira Misa itatha.

“Bambo mfumu,” anatero kwa wansembe, “ndaphunzitsa misika yonse ya kuno, koma nyumba yanga yapsa ine ndili ndi ndowa m'manja. Mwana wanga anasiyiranji mankhwala?”

Wansembeyo anavomera kuti yankho alibe. “Koma funso limenelo musalikwirire,” anatero. “Pitani nalo kwa Mulungu. Ngati kulinso anthu amene angakuthandizeni kulifufuza, pitani nalo kumeneko.”

Motero ali ndi zaka makumi asanu ndi zinayi, imvi zili mbuu, Aukhondo analembetsa maphunziro a digiri yachiwiri. Makalasi anali a Lachisanu ndi Loweruka. Anzawo m'kalasi anali amsinkhu wa ana awo, ndipo ankawatcha Madala. Kompyuta ankaitayipa ndi zala ziwiri, ngati nkhuku yotola mbewu. Mayeso oyamba a masamu a kafukufuku analakwa. Atafika kunyumba nkhope ili yakugwa, akazi awo anawalandira chikwama n'kunena kuti, “Mwana wasukulu, walakwa? Ndivale nsapato ndikaonane ndi aphunzitsi ako?” Aka kanali koyamba kuseka m'nyumbamo chichitikireni maliro. Analembanso, anakhoza.

Itafika nthawi ya kafukufuku, anasankha kufufuza chifukwa chimene odwala chifuwa chachikulu amasiyira mankhwala panjira. Wowayang'anira anali pulofesa wachitsikana, amene anawapatsa pepala la mafunso loti lisamapitirire theka la ola pa munthu aliyense. Aukhondo anayenda m'makomo oposa zana limodzi, koma theka la ola linkawachepera, chifukwa anthu akayamba kulankhula iwo sankatha kuwadula.

Tsiku lina masana anafika kwa mayi wina woluka tsitsi, amene ankakhala m'kachipinda kamodzi kuseri kwa saluni yake. Mayiyo anayankha mafunso onse, kenaka anati, “Achimwene, lembaninso ichi. Aliyense amandifunsa ngati ndamwa. Palibe amandifunsa mmene ndimamvera ndikamwa. Ndimasanza, mawondo amaphwanya, makasitomala athawa. Koma ukanena, amati ndiwe wamwano.”

Aukhondo analemba, anatsanzika, anatuluka. Panja anagwira njinga yawo koma analephera kukwera. Anaikankha mpaka kunyumba kwa mpongozi wawo, n'kumupeza akuchapa.

“Mwana wanga, mwamuna wako ankadandaula chiyani akamwa mankhwala aja?”

Mpongoziyo anapukuta manja. “Ankasanza, bambo. M'mawa uliwonse. Pa msewu sakanatha kuyendetsa ali choncho.”

“Nanga osandiuza bwanji?”

“Ankati mukhumudwa. Ankati, bambo anga ndi Aukhondo, mwana wawo sangalephere mapiritsi.”

Aukhondo anakhala pa mpando wa pakhonde mpaka zovala za pachingwe zinauma. Lamulungu lotsatira anakalapa, ndipo pambuyo pake ankanena kuti tchimo limene anaulula tsikulo silinali m'buku lililonse: anali woyang'anira wa mwana wake pamene mwanayo ankafuna bambo.

Kafukufuku ali pakati, akazi awo anafa ziwalo mbali imodzi, kulankhula n'kutsekeka. Aukhondo analemba kalata yoimitsa maphunziro. Chaka chathunthu anawasambitsa, kuwadyetsa ndi supuni ndi kuwatembenuza pabedi, akuwaimbira nyimbo za kwaya ndi mawu awo osalongosoka aja. Nthawi zina mayiwo ankaloza ndi dzanja lamoyo chikwama cha mabuku chimene chinali pamwamba pa kabati, n'kukwinya nkhope ngati mmene ankachitira ndi ana aulesi. Anamwalira osaona mapeto a maphunzirowo.

Aukhondo anatsitsa chikwamacho, anasasa fumbi, anabwerera ku yunivesite. Tsiku loteteza kafukufuku wawo, mmodzi wa oyesa anafunsa chifukwa chake ankalimbikira kuti wodwala aliyense akhale ndi munthu womumvetsera, osati wongomuonerera akumeza mapiritsi. Anayankha ndi ziwerengero zawo, tsamba ndi tsamba. Woyesayo anati, “Ziwerengero tazimva. Koma mukulankhula ngati munthu amene nkhaniyi inamuluma.”

“Inandiluma, bwana,” anatero Aukhondo. “Pali nyumba imodzi imene sindinailembe m'bukumu. Ndi yanga.”

Analandira digiri ali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zinayi, mkanjo ukukwekwereza pansi, ana awo aakazi ndi mpongozi akulira m'malo mokondwera. Chaka chotsatira anapuma pa ntchito. Digiriyo sinawakweze udindo, ndipo ena ankati yafika ngati mvula ya pambuyo pa zokolola. Iwo ankangoti, “Sindinapite kukafuna mpando.”

Zaka zimene zinatsala anazithera m'makomo a odwala. Misa ya m'mawa ikatha ankayenda nyumba ndi nyumba, n'kukhala pafupi ndi wodwala, ndipo funso lawo loyamba linali lakuti, “Lero thupi likuti chiyani?” Zimene ankamva ankapita nazo kwa anamwino, kuti aone mochepetsera mavutowo. Anaphunzitsa akhristu a m'miphakati kuchita chimodzimodzi, ndipo gulu limene anayambitsa likuyendabe mpaka lero. Si onse amene anachira. Maliro a amene anamwalira sankawaphonya.

Maso atayamba kuchita mdima ndi miyendo kukana, ana awo aakazi anali kutali ndi mabanja awo. Amene anawatenga anali mpongozi uja, yemwe anali atakwatiwanso iwo atamudalitsa. Anawasamala zaka zitatu. Sabata yawo yomaliza wansembe anabwera kudzawadzoza mafuta a odwala ndi kuwapatsa Ukaristia. Lachinayi masana, mpongoziyo akuwakonzera pilo, anamugwira dzanja.

“Mwana wanga, watopa?”

“Ayi, bambo.”

“Usandinamize. M'banja muno tinabisirana kokwanira.”

Mpongoziyo anakhala pamphepete pa bedi, misozi ili chuchuchu. “Ndatopa, bambo. Ndatopa kwambiri.”

“Zikomo pondiuza,” anatero Aukhondo. “Ndipatse korona wanga ndipemphere, iwe ukagoneko.”

Anapita kukagona ola limodzi. Pobwera anawapeza atatsamira pilo, korona ali m'manja, nkhope ili phee. Anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi zinayi.

Ambuye, amene amamva ngakhale zimene ana ake aopa kunena, awalandire mu mpumulo wake.