Nkhuku inachira, mlamu wanga ayi

Mboni zanga ndi izi: a Nachisale ogulitsa tomato pa Mitundu, a Dayisoni okonza njinga, ndi mkazi wanga, amene sanandivomerepo bodza chikwatiranireni. Mukaona ngati ndawonjezera, kafunseni amenewa.

Mlamu wanga Lufeyo ndi wa kabaza. Chaka chatha ngolo ya fodya inamuponda mwendo, fupa n'kusuzumira kunja kuona dziko. Abale anathamangira naye kwa womanga mafupa kuseri kwa Nathenje. Kachitidwe kake mukukadziwa: amathyola mwendo wa nkhuku, n'kumanga munthu ndi nkhuku yomwe ndi timitengo. Nkhuku ikayenda, ndiye kuti munthunso wachira.

Nkhukuyo inayenda. Inathamanga. Ndikulumbira, inamenya galu wa aneba.

Nanga Lufeyo? Mwendo unatupa, bala likuchucha mafinya, ntchentche zikuchita kubwera pa minibasi kuchokera m'tauni. Tikati tipite kuchipatala, amalume ake ankaloza nkhuku. "Taonani mnzake akuyenda! Uyu ndi ulesi basi."

Abale anga, tinkapima munthu poyang'ana nkhuku. M'midzi mwathumu ndi angati agona ndi fupa lowola chifukwa choti nkhuku ili bwino?

Amene anatopa nazo ndi mkazi wanga. "Malume, ana a Lufeyo iwalera ndi nkhukuyo?" Tsiku lomwelo tinamunyamula.

Dokotala ataunika sanabise. Fupa silinalumikizane, lawola, ndipo mwendo ukhoza kudulidwa. Wa kabaza wa mwendo umodzi munamuonapo inu?

Koma dokotalayo, mwana wa konkuno, Chichewa chake cha kwathu chenicheni, anati, "Bambo, tiyese kaye." Anang'amba, anachotsa fupa lakufalo, anatsuka, kenako n'kulowetsa timawaya m'fupa lamoyo, tomangirira ku mikombero yachitsulo kunja. Mwendo unasanduka wilo la njinga, masipoko ndi onse. Tsiku ndi tsiku Lufeyo ankapotokola kanati ka pa mikomberoyo pang'ono chabe, fupa latsopano n'kumamera m'mpatamo. A Dayisoni anabwera ndi sipanala yawo kuti ntchitoyo aimalize masana amodzi. Tinawathamangitsa.

Miyezi inapita. Majakisoni anamubaya mpaka mkono wake ukanatha kusefa ufa. Sindikuwonjezera.

Ndiye Lachitatu lapitali ndikutuluka mumsika, ndinangomva belu kumbuyo. "Alamu, kwerani."

"Iwe, ukudziwa kulemera kwanga?"

"Kwerani, alamu, mukundichedwetsa."

Ine ndine munthu woti ndikakwera minibasi woyendetsa amapemphera. Ndinakwera. Tinauyamba mtunda uja anyamata amatsika n'kumakankha. Lufeyo sanatsike. Ine kumbuyo ndikukuwira aliyense, ngakhale mbuzi: "Fupa ili lamera ku Malawi konkuno!"

Pamwamba anaima, n'kuponda pansi ndi mwendo womwe uja, osatsinzina n'komwe.

"Titsetsereke tikakwerenso, alamu?"

Ndinakana. Mwendo wa mlamu wanga ndimaunyadira, koma msanawu ndi wanga.