Fulashi yofiira ya achimwene

Achimwene, lero ndikusesa m'chipinda mwanu ndapeza fulashi yofiira ija. Mukukumbuka tili pachulu m'munda wa mbatatesi ku Kandeu, foni m'mwamba kusaka netiweki, tikudawuniloda pulogalamu yoyendetsa kompyuta ya Linux yoti tidzutsire laputopu yanu yokalamba? Pofuna kuiika pa fulashiyo, laputopu inachenjeza kuti zonse zili m'fulashimo zifufutika. Zinali zithunzi zanu zonse. Ine ndinakayika, koma inu munaseka: "Ingodina iwe, nkhope ndili nayo, tidzajambula zina."

Sitinajambule. Inu munapita, laputopu nayo inafa. Mwana wanu akandifunsa kuti adadi ankaoneka bwanji, ndimasowa chomuonetsa, poti ine ndi inu sitinkafanana. Ndakaibaya fulashiyo pa kompyuta ya mnzanga, mwina chatsalako chimodzi. Muli Linux yokhayokha, achimwene. Inu simulimo.