Mchere m'thanki ya makorali

"Ndani wakhala akuthira mchere m'thanki muno?"

Anafunsa ndi Madamu, mphunzitsi wa ana a chaka choyamba pa koleji yomwe ndinkagwirapo ntchito, kufupi ndi tawuni ya Beatrice. Anali atangofika kuchokera ku Harare, komwe anakhala milungu itatu akudwazika amayi awo. M'manja anali ndi kachida kawo koyezera mchere. Kalasi yonse, yovala makhoti oyera, inacheukira kwa ine.

"Ndine," ndinatero.

Ine ndinakulira m'komboni, papulazi, famu ya ng'ombe, ku Wedza. Bambo anga anachokera ku Tete. Sukulu ndinalekezera Giredi 7. Kwa zaka zambiri ntchito yanga inali ya dibi, thanki imene ng'ombe zimasambiramo kuti nkhupakupa zife. Pulazi itagawidwa ndinapeza ntchito yosesa mu labu ndi kutsuka mabotolo.

Mu labumo munali thanki yagalasi. Mkati munali zinthu ngati nthambi zamiyala, zina zofiirira, zina zobiriwira, ndi tinsomba tiwiri tachikasu. Madamu ankati ndi makorali, ochokera kunyanja yamchere ku Mozambique. Ankati ndi nyama. Nyama yopanda mutu, yopanda miyendo. Sindinatsutse. Lachiwiri lililonse ana ankaunjikana pamenepo, kujambula m'makope, kusuzumira pamakina okuzira zinthu, ndi kusiya zala pagalasi zoti ine ndipukute. Mayeso awo otsiriza temu anali pa makorali omwewo. Ena kunalibe, ndipo nyanja ili kutali.

Tsiku lochoka, Madamu anaima pakhomo chikwama chili m'manja.

"Baba, ndamva kuti mumadziwa za mathanki. Madzi akatsika kupitirira mzere uwu, muziwonjezera."

Anangonena zomwezo. Koma ndinakondwa. Chichokereni papulazi, panalibe amene anandipatsapo chamoyo choti ndisamalire.

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lowotcha, ndipo madzi ankatsika tsiku ndi tsiku. Pa dibi lamulo ndi limodzi. Ukawonjezera madzi, uwonjezerenso mankhwala, apo ayi dibi imasukuluka, nkhupakupa n'kumangosamba. Wothira madzi okhaokha foromani ankamuthamangitsa. Choncho ndinkatunga ndowa ya madzi osefa, kuyeza mchere monga zinalembedwera pathumba, kutakasa mpaka usungunuke, kenako kuthira. Sindinaphonye tsiku. Magetsi akazima ndinkathamanga kukaliza jenereta kuti pampu isaime.

Sabata yachitatu makorali anayamba kuyera. Ndinaitana mtsikana wina wa magalasi, yemwe ankaoneka wanzeru kuposa anzake.

"Taonani izi. Zayera."

"Tidzafunsa Madamu akabwera, sekuru. Mutu umenewo sitinafikepo." Sekuru ndi mmene ana ankanditchulira, kutanthauza agogo.

Anajambula ndi foni n'kumapita. Ine ndinaganiza kuti mwina mchere wachepa. Ndinawonjezera pang'ono.

Tsopano Madamu anali ataima patsogolo panga, maso ali pa kachida kaja.

"Baba, ndinati madzi. Ndinatchula mchere?"

"Madzi okhaokha amasukulutsa."

"Amasukulutsa chiyani?"

"Pa dibi..."

"Dibi!" Anagwira m'chiuno. "Ng'ombe ikamatuluka m'dibi imatuluka ndi mankhwala pathupi, n'chifukwa chake mumawonjezera. Muno madzi amangouma ndi kutentha, mchere umatsalira. Mwaonapo ng'ombe ikutuluka m'thanki muno?"

Ana anaseka. Wina wamtali kumbuyo anati, "Musiyeni sekuru, amafuna kutipangira chimukuyu." Chimukuyu ndi nyama yofutsa ndi mchere. Anaseka mpaka kugwira matebulo. Yemweyo m'mbuyomu anandifunsa ngati ng'ombe ili ndi mano am'mwamba akutsogolo.

Zimene ananena Madamu zinali zoona. Ndinazimva pomwepo. Mawu awiri okha akanandiuza ali pakhomo paja, sindikanakhudza thumba la mchere.

"Simunandiuze," ndinatero.

"Zimenezo aliyense amadziwa, Baba."

Ndinayang'ana mtsikana wa magalasi. Iye anayang'ana pansi.

Madamu anapisa dzanja m'madzi natulutsa nthambi imodzi. Inali yoyera ngati fupa la ng'ombe yofera kudambo, ndipo inkanunkha. Anatulutsa ina, kenako inanso. Mwa zonse, ziwiri zokha ndi zimene zinali zikadali ndi mtundu pang'ono.

"Mayeso tilembera pa zithunzi za m'buku," anauza ana. "Tsegulani makope. Jambulani izi, muone mmene korali wakufa amaonekera."

Ana anaunjikana, zala pagalasi.

"Kuyambira mawa thanki aziisamalira ana, mosinthana. Inu Baba muzingosesa." Anatembenuka. "Baba, mwamva?"

Ndowa ya tsikulo inali pafupi ndi phazi langa, nditatakasa kale. Ndinainyamula, kutuluka nayo, kukhuthulira m'ngalande, ndi kulunjika kukomboni.