Chimera cha Amayi mu Thanki Yachitatu

Botolo lija linali la khofi, koma munkakhala chimera cha mawere chimene amayi anabwera nacho m'sutikesi kuchokera kumudzi. Ankachisunga pamwamba pa firiji, n'kumatapako pang'ono akafuna kuphika thobwa la kutchalitchi. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, chaka changa choyamba ku Newcastle.

Sukulu itatsekera, amayi, poti anali namwino wosapuma, anandipereka kwa amalume, amene ankachita maphunziro a ulimi wa nsomba. M'mawa uliwonse tinkakwera sitima ya metro kupita ku shedi ina yozizira, yonunkha ndere, mapampu ali kulira tsiku lonse. Munali mathanki atatu a nsomba zotchedwa sitajoni. Kunyansa kwake! Mphuno yaitali, ndevu zinayi, msana ngati wa ng'ona, kamwa ili kunsi. Ndinazikonda tsiku lomwelo.

Nsomba zimenezi mwachibadwa zimadya tizilombo ndi tinsomba. Amalume ankafuna kudziwa ngati zingakule ndi soya. Thanki yoyamba ankaipatsa chakudya cha ufa wa nsomba, yachiwiri soya wothira kaufa koyera, yachitatu soya yekhayekha. Ndinafunsa za kaufako mpaka anatopa nane. "Ndi enzayimu, mphwanga, imaphwanya chakudya kuti mimba isavutike. Waona mmene chimera chimasungunulira phala la thobwa? Basi, ndi zomwezo."

Munthu wophunzira asamauze mwana zinthu theka. Ndimanenabe choncho, ngakhale ndikudziwa kuti chitsiru ndinali ine.

Nsomba za m'thanki yachitatu zinali zowonda, zaulesi, zongogona pansi. Ndinkaona kuti amalume ndi ankhanza: mankhwala ali pashelefu, odwala ali apa! Ndiye ndinayamba kuba chimera, kuchikanda ndi madzi, kuumba timibulu n'kubisa m'thumba la jekete. Amalume akatembenuka kukalemba manambala, ine ponyu. Nsomba zinkafufuza ndi ndevu zija, n'kumeza. Ndinachita zimenezi masabata asanu, botolo lili kutsika, amayi n'kumaganizira alendo a kutchalitchi.

Tsiku loyeza pasikelo, za m'thanki yachitatu zinatsala pang'ono kufanana ndi za m'thanki yachiwiri. Amalume anayeza kawiri, n'kukabwereka sikelo ina. Ine ndinalephera kudzigwira. Ndinatulutsa kambulu m'thumba ndikuseka, kudikira kuti andinyamule m'mwamba.

Anakhala pachidebe. "Unayamba liti?" Ndi zokhazo zimene anafunsa.

Ndikanakhala ine, ndikanamenya munthu. Mwana wanga akangokhudza foni yanga nyumba yonse imadziwa. Koma amalume sanakweze mawu. Anapita kukauza mphunzitsi wawo chilungamo chonse, ntchito ya nyengo imeneyo n'kutayidwa. Tiana ta nsomba toyambira kachiwiri tinkapezeka chaka chotsatira, pamene chilolezo chawo chokhala kuno chinkatha isanafike Khirisimasi. Anabwerera kumudzi opanda pepala la maphunziro limene anadzera.

Mpaka lero funso limandidya: chinanenepetsa nsomba zija n'chimera, kapena kungoti zinkadya kawiri? Palibe angandiyankhe, chifukwa thanki yowonda ija ndiyo inali yofanizira zinazo, ndipo ndinaiononga ndi chifundo changa.

Koma zimenezi ndazidziwa ndili ndi imvi. Tsiku lija m'sitima ndinkangoyang'ana amalume akupukuta magalasi amene sanali akuda, zala zanga zikununkhabe chimera, ndikudzifunsa kuti nsomba zachira, zanenepa, nanga munthu wamkuluyu akulira chiyani?