Miyala ya Gopesh

Ine ndimagulitsa tiyi pachipata cha yunivesite, ndipo Gopesh Barui ndamuthirira makapu zaka makumi atatu osamvapo zikomo. Munthu wake ndi wouma ngati nsungwi, lilime lokha ndiye lonenepa. Ntchito yake inali kusamalira mitengo ya mango kuseri kwa laibulale, ndipo kanyumba kake kanali momwemo. Ana ake anayi anabadwira momwemo.

Akuluakulu a yunivesite tinali titaonapo asanu ndi mmodzi. Aliyense amabwera ndi chibuku cha mapulani a zaka makumi awiri, iye n'kukhala zinayi. Aike mwala wa maziko, aswerepo kokonati monga mwa mwambo wakuno, ajambulitse, basi wapita. Miyalayo imatsala m'tchire, ndipo woidziwa yonse anali Gopesh.

Wachisanu ndi chiwiri, Dokotala Lahiri, anali wovala suti ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Buku lake linati pamene pali mango padzamangidwa nyumba yamagalasi yofufuziramo nzeru zatsopano. Mwala anaika. Kenako kalaliki wake, Tarafdar, anapita kwa Gopesh ndi kalata.

"Gopesh-da, achimwene, mvula ikatha musamuke. Yatero pulani."

"Ndipite kuti, Babu, bwana wanga?"

"Pamenepo pulani sinanene."

"Ikudziwa za chaka cha 2050, koma kogona ine mawa ayi?"

Ndalama zomangira zimadikira oyendera ochokera kulikulu la dziko ku Delhi. Ndiye tonse, osesa, alonda, ine ndemwe, anatipatsa kapepala koloweza: "Cholinga chathu ndi kukhala nyali ya dziko lonse lapansi." Timayimba ngati ana a mkaka, magetsi atazima.

Tsiku loyendera, mayi wamagalasi amene amatsogolera gululo anaima pamene Gopesh amathirira.

"Kaka, bambo anga, cholinga cha sukulu ino n'chiyani?"

"Chiti, Didi, achemwali? Ndili nazo zisanu ndi ziwiri. Tiyeni mukazione."

Lahiri anatsokomola mpaka misozi, koma mayiwo anali atalowa kale m'udzu.

"Ichi ndi chipatala cha Saheb, bwana wathu woyamba," anatero Gopesh, akuloza mwala. "Odwala ake ndi mbuzizi. Ili ndi dziwe losambiramo la wachitatu. Mkazi wanga amachapirapo, ndiye madzi amafika ndithu."

"Madamu, mdalayu mutu sukoka," anatero Lahiri.

"Sukokadi, Saheb. Koma anzanu onse ndinawanyamulira masutikesi popita. Masutikesi anu ndi angati?"

Mayiwo analemba, nalembanso. Ndalama sizinabwere.

Muganiza kanyumba kanapulumuka? Lahiri anakagwetsa sabata yomweyo chifukwa cha mkwiyo chabe, nachotsa Gopesh ntchito, natchinga mango onse ndi malata. Patapita zaka ziwiri anakwezedwa n'kupita kwina, ati chifukwa choona patali. Sutikesi anamunyamulira Tarafdar.

Lero Gopesh ndi mkazi wake amagona kuseri kwa kashopu kanga. Mkonono wa Gopesh ukundithamangitsira makasitomala. M'mawa uliwonse amakwawa pansi pa malata kukathirira mitengo imene palibe akumulipira, chitsiru cha munthu.

Dzulo Tarafdar anabwera akupotokola manja. Mkulu watsopano afika mwezi wamawa ndi buku lake, ndipo palibe akudziwa malo opanda mwala.

"Gopesh-da, tithandizeni."

"Malo ndikuonetsani, Babu," anatero Gopesh, akumwa tiyi wanga. "Koma muwauze agule mwala wosalala. Wa Lahiri ukung'amba zovala mkazi wanga akamachapirapo."