Waya wa Kopa ndi Pepala la Ndudu

Ntchitoyi inandipeza pakhomo la tchalitchi, Misa itangotha. Mkazi wanga Marita anali atatisiya miyezi isanu m'mbuyomo, ndipo ndinkakonza mawailesi ndi mafoni kuti manja asakhale chabe. Lusoli ndinaliphunzira ku Malawi tili othawa nkhondo. Dona Felizarda, mayi wa ku Lichinga amene ankayang'anira zogawa chimanga madzi atakokolola minda, anandiuza kuti makina awo asiya kuwerenga makhadi. Banja lililonse linali ndi khadi. Ukaligunditsa pa makinawo dzina limatuluka, n'kulandira thumba.

Vuto linali bokosi. Makinawo anawatsekera m'bokosi lachitsulo kuopa mvula ndi akuba, ndipo chitsulo chimameza mphamvu ya antena. Ndinaboola chivundikiro n'kuikapo thabwa lopyapyala. Ndinakulunga waya wa kopa kanayi kuti ukhale antena yatsopano, kukula kwake ngati khadi lenilenilo, kumbuyo n'kumata kachidutswa kakuda kotchedwa ferite, kotchinga chitsulo kuti chisameze mphamvuyo. Kenako sabata yathunthu ndili ndi feru yowotcherera mawaya, ndikusinthasintha tizipangizo totchedwa kapasita: chotsa uyu, ika wina, yesa, mpaka khadi linayamba kuwerengeka lili zala zitatu kutali ndi thabwa, ngakhale lili m'jumbo kapena pamfundo ya kapulana, chitenje cha amayi.

"Ndiye anthu safunika kumasula makhadi awo?" anafunsa Dona Felizarda.

"Asavutike, mayi. Azingogunditsa momwemo."

Mawu angawo analengezedwa m'midzi yonse.

Tsiku logawa ku Meluluca, mudzi wa m'mbali mwa nyanja, patebulo panakhala Jaime, mlembi wofatsa, bambo wa ana atatu. Kutsogolo kwa mzere kunali asodzi, aliyense ndi khadi lake m'kamtolo ka pulasitiki. Woyamba anagunditsa, zii. Wachiwiri, zii. Pofika wachisanu ndi chiwiri wina anakuwa kumbuyo kuti mayina afufutidwa, chimanga chagulitsidwa.

Mwala woyamba unamupeza Jaime pakhutu. Anamukoka malaya, tebulo n'kugubuduka, ndipo anayamba kumuponda. Ndinamva mawu akuti, "Tengani petulo wa injini." Ndinagwada kutola bokosi, nkhafi inatera padzanja langa lamanja, zala ziwiri n'kuthyoka. Woigwira anali a Bernardo, amene timaimba limodzi besi m'kwaya.

"Chokanipo, akulu," anatero, "mungafere za eni."

Kamtolo kawo kanali kagwa mumchenga, kopondedwa, kong'ambika. Mkati munkanyezimira. Apo m'pamene ndinakumbukira: msodzi wa kuno chilichonse choopa madzi, machesi kaya chiphaso, amayamba wachikulunga m'pepala lasiliva la m'paketi ya ndudu, pulasitiki pamwamba. Pepala limenelo ndi chitsulo. Palibe antena ingaone khadi lili m'menemo. Ine ndinakulira m'bwato, ndinkazidziwa, koma poyesa ndinkagwiritsa ntchito khadi la mu ofesi.

Ndinang'amba pepalalo ndi mano, n'kugunditsa ndi dzanja lamanzere. Makina analira.

"Bernardo Mateyu, thumba limodzi," ndinawerenga mokweza monga ndimawerengera kalata ya Paulo m'tchalitchi. "Dzina lanu ili, achimwene. Lilipo."

Anayang'ana, nkhafi ili m'mwamba. Kenako anaiponya n'kukagwa pamwamba pa Jaime, kumutchinga ndi msana wawo. Zibakera zina zinatera pa iwo. Ine ndinkangotola timitolo, kung'amba, kuitana dzina. Munthu akamva lake ankachoka pagulu lomenyalo kubwera kudzaona. Chigubu cha petulo chinafika anthu atabwerera kale pamzere.

Jaime anapulumuka, koma khutu lakumanzere silimva mpaka lero. Zala zanga zinapola mokhota, moti feru ndimaigwira ngati khasu. Lamulungu ndimagwada pafupi ndi a Bernardo polandira Mgonero, ndipo sindinawafunsepo kanthu. Iwo anamenya, koma amene anati asamasule ndine.

Ndapanga ma antena ena angapo kuchokera pamenepo. Ndisanadule waya, ndimayamba ndapita kugombe, n'kupempha munthu kuti andionetse khadi lake mmene amalisungira, asanalimasule.