Aneba Olakwitsa Masamu

Aneba ake a Maness ku Kasinje ndi bambo wokalamba amene anagwirako ntchito kumigodi ya ku Joni. Masana alionse amaphunzitsa ana masamu pakhonde, ndipo amalakwitsa mokweza, mopanda manyazi.

Maness anatumizako mwana wake Tisungane, yemwe amachita mantha akangomva za masamu. Tsiku lina Maness akusuzumira pampanda, anamva mkuluyo akulengeza kuti seveni taimusi eyiti ndi fifite-folo. Anadandaula chamumtima. Mwanayu abwerezanso Sitandade 5! Koma munthu wamkulu ungamuwongole bwanji?

Ali chiimire, anaona Tisungane akugwada.

"Agogo, pepani, ndi fifite-sikisi."

"Iwe! Ukutsutsa ine, munthu woti ndinakwera ndege ya Wenela?"

"Eee, agogo. Mwalakwitsa kachitatu lero!"

Mkuluyo anatembenukira kumpanda akumwetulira. "Amake Tisu, lekani kubisala. Mwana woti akukalipira ine, mayeso angamuopsenso?"